Galimoto ya AWD ikamakakamira pokhota, musathamangire kutsitsa giyabokosi

Mvula ikangoyamba kuno ku Dedza, pagalaja pathu pamayamba kufika magalimoto a banja limodzi, okoka ndi matayala onse anayi (AWD kapena 4WD): ma X-Trail, ma RAV4, ma Forester ndi ma CR-V, aja timaitanitsa ku Japan n'kudzalowa nawo pa Songwe. Eni ake amatsika atagamula kale mlandu. "Amakaniko, giyabokosi yapita." Ndikafunsa kuti ikutani kwenikweni, nkhani imakhala yomweyomweyo. Pamsewu wowongoka ikuyenda bwinobwino, ngakhale mpaka ku Lilongwe. Koma ukati utembenuke pamalo othina, potuluka pomwetsera mafuta kapena poimika pamsika, galimoto imakakamira ngati wina wakoka handibuleki, matayala akumbuyo amakwekwereza pansi, kunsi kumamveka gu-gu-gu, mpaka umachita kuponda moto kuti isunthe.

Mwa magalimoto otere amene ndagona kunsi kwake, ndi ochepa amene giyabokosi inalidi itafa. Ambiri matenda anayambira kumatayala, ena ku oyilo amene sanasinthidwepo chichokereni ku Japan. Ndiye musanalole munthu kumasula chilichonse chachikulu, tsatani mmene ndimatsatira ine, kuyambira pa zosalira ndalama.

Chimene chikulimbana kunsi kwa galimoto

Amene anakwerapo ngolo akudziwa kuti pokhota ng'ombe yakunja imaponda mapazi ambiri pamene yam'kati imachita ngati ikudikira. Matayala n'chimodzimodzi. Lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lam'kati, ndipo awiri akutsogolo amazungulira patali kuposa awiri akumbuyo. Kulola kumanzere ndi kumanja kusiyana ndi ntchito ya difu, ina kutsogolo ina kumbuyo. Koma galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imafunanso chinthu chachitatu pakati, choti chizilola kutsogolo ndi kumbuyo kusiyana pang'ono pokhota, koma chiziwamanga pamodzi matayala ena akayamba kuterereka m'matope.

Chinthu chapakatichi kampani iliyonse inachipanga mwakemwake. Pa X-Trail, ndiponso pa RAV4 kuyambira ya 2005, ndi coupling, cholumikizira chokhala ndi mbale zachitsulo m'kati, yoyendera magetsi, imene ili kutsogolo kwa difu yakumbuyo; kompyuta ikaona kuti akutsogolo akuterereka imatumiza moto, mbale zam'katimo n'kugwirana. CR-V yakale ili ndi mapampu awiri a oyilo m'kati mwa difu yakumbuyo, ndipo kusiyana kwa liwiro la mapampuwo ndi kumene kumapanikiza mbale. Subaru ya otomatiki ya magiya anayi mbale zake zili kumchira kwa giyabokosi yeniyeniyo. Subaru ya manyuwo ndi RAV4 ya m'ma 2000 mpaka 2005 zili ndi difu yapakati yothandizidwa ndi viscous coupling, chitini chomata chokhala ndi mafuta olemera amene amalimba zinthu zikayamba kusiyana liwiro.

Zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi. Anazipanga kuti zizigwira kanthawi kochepa, pokhota kapena pa matope, kenako zipume. Matayala akutsogolo ndi akumbuyo akakhala osiyana kukula, chinthucho chimaona ngati galimoto ikuterereka ulendo wonse, ndipo sichipuma. Chimatentha, oyilo amapsa, mbale zimakanirirana, ndipo nkhondoyo imafika mpaka ku transfer, kabokosi kakang'ono kali pambali pa giyabokosi kamene kamakhotetsera mphamvu ku propushafuti, chitsulo chachitali chopita ku difu yakumbuyo.

Yambani mwayang'ana batani

Zimaseketsa koma zimachitika. X-Trail ili ndi kapotolo kolembedwa 2WD, AUTO ndi LOCK. RAV4 ya 2005 kupita m'tsogolo ili ndi batani la loko. Munthu wadutsa pamatope ku Mayani, waika LOCK, wafika pa phula waiwala. Galimoto zimenezi zimadzimasula zokha liwiro likakwera, koma pa ma X-Trail ena kapotolo kakatsala pa LOCK, mukachepetsa liwiro poimika imagwiranso, ndipo mpamene mumamva kukakamira kuja. Bwezerani pa AUTO muyesenso.

A ma Hilux nkhani yawo ndi ina. Hilux yanthawi zonse ilibe chinthu chapakati chija. Ukaika ndodo ya 4WD pa H4 kutsogolo ndi kumbuyo zimamangidwa ngati ndi chitsulo chimodzi. Pa dothi palibe vuto chifukwa tayala limaterereka pang'ono n'kumasuka. Pa phula louma mashafuti amapotana mpaka ndodo ya 4WD imakana kubwerera. Musaimenye ndi chibakera. Tsitsirani matayala a mbali imodzi pa dothi la m'mphepete mwa msewu, bwererani m'mbuyo mowongoka mamita angapo, ndodoyo imatuluka yokha.

Kuyesa kwa bwalo

Pezani malo ouma, olimba ndi athyathyathya, makamaka a phula kapena simenti, chifukwa pa fumbi matayala amaterereka n'kubisa matenda. Tsegulani mawindo, zimitsani wailesi. Potolani chiwongolero mpaka kumapeto, musiye galimoto iziyenda yokha osaponda moto, muzungulire katatu kumanja, katatu kumanzere, kenako cham'mbuyo. Galimoto yabwino ya otomatiki imazungulira yokha mosavuta. Ikamaima yokha pakati pa bwalo, kapena kudumphadumpha, ndiye kuti chapakati chija chagwira.

Chitani zimenezi kawiri: m'mawa galimoto ili yozizira, ndiponso mutayenda makilomita 20 kapena 30 pa M1. Kusiyana kwake kumanena zambiri. Yokakamira ikatentha basi nthawi zambiri ndi viscous coupling yotopa kapena matayala osiyana amene akuitenthetsa. Yokakamira ngakhale m'mawa, mbale zinakanirirana kale kapena magetsi ake ali ndi vuto.

Mvetseraninso kumene phokoso likuchokera. Likakhala ta-ta-ta kuchokera ku tayala lakutsogolo, logwirizana ndi kuzungulira kwa tayalalo, imeneyo ndi CV yakunja, mfundo ya shafuti yozunguza tayalalo, si nkhani ya AWD ayi. Suzumirani kuseri kwa tayala, mupeza labala wake atang'ambika girizi wakuda atamwazikira paliponse.

Matayala, kumene ambiri amagwera

Chaka chatha kunabwera bambo wina wa ku Bembeke, mlimi wa mbatata ya kachewere, ndi X-Trail ya mtundu wa T31. Getsi la 4WD linkathwanima pang'onopang'ono akangoyenda kamtunda, ndipo pokhota inkakakamira. Kwina anali atawauza kale kuti apeze giyabokosi ina, ndipo anabwera kwa ine kudzangofunsa mtengo woikira. Ndinawapempha kuti tiyambe tazungulira galimoto.

"Bambo, matayala akutsogolowa munagula liti?"

"Miyezi iwiri yapitayo. Ndi abwinotu amenewa, mano ake onani."

Mano analidi abwino. Koma pambali panalembedwa 215/60 R16, pamene akumbuyo anali 215/65 R16. Wogulitsa anawauza kuti 60 imalowanso pa X-Trail. Sananame kwenikweni, alipo ma X-Trail ovala 215/60, koma pa limu ya 17, osati ya 16. Ndi maso simungaone kusiyana kwake. Koma tayala la 215/65 R16 likazungulira kamodzi limayenda mamilimita pafupifupi 2,155, pamene la 215/60 R16 limayenda 2,087. Pa kilomita imodzi lalikulu limazungulira maulendo 464, laling'ono 479. Kuchoka pa boma pano kukafika ku Lilongwe, makilomita ngati 85, akutsogolo amakhala atapitirira anzawo ndi maulendo oposa 1,200. Kusiyana konseko kumathera mu coupling ngati kutentha.

Bambowo sanakhulupirire masamu anga, ndiye ndinatenga choko. Njira yake ndi iyi, ndipo aliyense angathe kuichita pakhomo. Yambani mwapopa matayala onse molingana ndi kapepala kamene kali pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, chiwongolero chili chowongoka. Lembani mzere pa tayala lililonse pamene lagunda pansi. Ikani pa N, anzanu akankhe mowongoka, inu mukuwerenga tayala limodzi mpaka lizungulire maulendo 10 mzere wake ubwererenso pansi. Tsopano zungulirani muone mizere ya atatu enawo. Pa galimoto ya bambo aja, mizere yakutsogolo inali itapitirira ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a tayala lonse. Anangogwira pakamwa.

Malire ake ndi ochepa kuposa mmene anthu amaganizira. A Subaru amafuna kuti matayala onse anayi asasiyane kupitirira mamilimita ngati 6 kuzungulira kwake. Pa kuyesa kwa choko kuja ndiye kuti mizere isatalikirane kupitirira masentimita 6, zala zitatu kapena zinayi. Ine ndimagwiritsa muyezo womwewo pa AWD iliyonse, ngakhale zina zimapirira kuposa pamenepo.

Manambala ofanana pambali pa tayala si chitsimikizo. Tayala latsopano limakhala ndi mano akuya mamilimita ngati 8. Lina likadyeka kufika pa 3, kuzungulira kwake kumachepa ndi mamilimita oposa 30, kasanu kuposa malire aja. Makampani awiri osiyananso amatha kulemba nambala imodzi koma matayala awo osafanana ndendende. Apa mpamene matayala a kaunjika amatipweteka: limodzi lachokera uku, lina uko, lina ndi la chisanu cha ku Japan lofewa ngati buledi. Chikomekome cha nkuyu.

Ndikudziwa kuti kugula anayi nthawi imodzi si masewera, makamaka feteleza akakhala kuti akudikiranso thumba lomwelo. Ngati simungathe, yendani ndi chingwe kwa wogulitsa. Zungulizani chingwecho pakati pa tayala lanu labwino lili lopopa, mangani mfundo, ndipo lililonse limene mukufuna kugula aliike pa limu, alipope, muliyeze. Losiyana lisiyeni ngakhale likhale lokongola bwanji. Mukapeza anayi ofanana, muziwasinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 10,000 aliwonse, chifukwa akutsogolo amadyeka msanga ndipo m'chaka chimodzi amakhala atasiyananso.

Mpweya nawonso umasintha msinkhu wa tayala. Matumba a mbatata kapena kabichi wa pa Lizulu akadzaza kumbuyo, matayala akumbuyo amaphwanthika n'kukhala ngati aang'ono. Onjezerani mpweya monga mwa kapepala kaja, ndipo muziyeza ndi geji, osati ndi chidendene. Kasipeya kakang'ono kaja kolembedwa 80 km/h ntchito yake ndi kukufikitsani kwa womata matayala wapafupi basi. Ndaonapo anthu akuyenda nako mwezi wathunthu. Pa X-Trail mukakavala ikani pa 2WD.

Bambo a ku Bembeke anabweza awiri aja n'kupeza a 65. Tinasintha oyilo wa mu transfer ndi wa mu difu yakumbuyo, getsi linazima, kukakamira kunatha. Anachita mwayi kuti anabwera msanga mbale zisanapse.

Oyilo amene palibe amamukumbukira

Ukafunsa munthu kuti sevisi anapanga liti, amakuuza za oyilo wa injini. Koma galimoto ya AWD ili ndi malo enanso atatu: giyabokosi, transfer ndi difu yakumbuyo. Transfer ya X-Trail imalowa oyilo wosakwana ngakhale theka la lita, ndipo inakhala moyandikana ndi paipi ya ekizozi. Seal, labala wotchinga oyilo, ikayamba kudontha pang'ono chabe, m'masabata ochepa kabokosiko kamakhala kouma. Pansi simuona dontho chifukwa fumbi lathu limamwa zonse. Mumangoona chikhungu chakuda chonyowa. Chotsatira ndi kulira kwa huuu kumene kumakwera ndi liwiro, kenako mano amathyoka.

Lamulo loyamba posintha: masulani bawuti yothirira musanamasule yokhetsera. Ndinaphunzira movutika ndili wachinyamata, nditakhetsa difu yonse kenako n'kupeza kuti bawuti yam'mwamba inadyeka mutu ndipo sikutseguka. Galimoto ya eni ake inagona pagalaja masiku awiri. Galimoto ikhale pamalo olingana, ndipo muthire mpaka oyilo ayambe kubwerera pabowo lothirira.

Oyilo wotulukayo musamutaye musanamuone. Mukhetsereni m'beseni loyera mupite naye padzuwa. Wakuda wonunkha chopsereza akunena kuti munali kutentha. Wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi. Zimenezi n'zofala kuno dzinja: difu yatentha ndi ulendo, mwalowa nayo mumtsinje wozizira, mpweya wam'kati umakhwinyata n'kukoka madzi kudzera pa kabowo kopumira kapena pa seal. Mukawoloka madzi ofika pakati pa tayala, yang'anani oyilo sabata yomweyo. Pa bawuti yokhetsera pamakhala maginito. Phala lotuwa losalala ngati mwaye n'lachibadwa. Tizidutswa tolasa chala ndi mano kapena beringi imene ikusweka, ndipo pamenepo oyilo watsopano sangachiritse kanthu.

Mtundu wa oyilo ndi pamene ambiri amaphera galimoto ndi manja awo. Transfer ndi difu za X-Trail ndi RAV4 zimafuna oyilo wa magiya wa GL-5. Koma difu yakumbuyo ya CR-V ya mapampu awiri imafuna oyilo wakewake wa Honda, wolembedwa DPSF kapena Dual Pump Fluid. Mukathiramo 80W-90 mwaipha. CR-V ikamabuula kumbuyo pokhota, kulira kokhala ngati chitseko cholemera chikukwekwerezeka, kawirikawiri ndi oyilo ameneyu watopa. Amalowa lita imodzi ndi pang'ono. Sinthani, zungulirani mabwalo angapo, ndipo ngati kubuula sikunathe sinthaninso kachiwiri. Ndaona zambiri zikuchira ndi zimenezi zokha.

X-Trail T31 ya petulo ya otomatiki ili ndi giyabokosi ya CVT ndipo imafuna oyilo wa NS-2. ATF, oyilo wofiira wamba wa giyabokosi ya otomatiki, salowamo, ngakhale wogulitsa alumbire. A Subaru ya otomatiki ya magiya anayi adziwe kuti difu yakutsogolo ili m'chikombole chimodzi ndi giyabokosi koma oyilo wake ndi wosiyana, ndipo ili ndi kandodo kake koyezera mbali ina ya injini. Mnyamata wosadziwa amatha kukhetsa uku n'kuthira uko. Imani pomwepo pamene akugwira ntchitoyo.

Matayala ali bwino, oyilo ali bwino, koma ikukakamirabe

Apa tsopano tikufuna kudziwa ngati coupling yagwira yokha kapena ikuchita kulamulidwa kuti igwire.

Pa X-Trail, getsi la 4WD limalankhula. Kuthwanima pang'onopang'ono likunena kuti liwiro la matayala akutsogolo ndi akumbuyo lasiyana kwambiri. Kuthwanima mofulumira likunena kuti kumbuyo kwatentha, ndipo galimoto imadzichotsa yokha mu 4WD kuti idziteteze. Zimachitika mukatitimira n'kumangoponda moto matayala akuzungulira pamalo amodzi. Imani, dikirani getsi lizime, mufukule ndi khasu, muike miyala kapena nthambi. Likangoyaka osathwanima pali vuto la magetsi, ndipo pakufunika makina owerengera kompyuta. Kuti musiyanitse, ikani pa 2WD mubwereze bwalo lija. Kukakamira kukatha, coupling ikadali yamoyo ndipo ikunamizidwa ndi china chake. Kukapitirira, zulani pulagi ya waya wopita ku coupling muyesenso. Ikakakamirabe popanda moto uliwonse, mbale zinamatana ndipo coupling iyenera kusinthidwa. Giyabokosi ilibe mlandu.

Chimene chimanamiza kompyuta kawirikawiri ndi masensa a ABS. Ndi amene amaiuza liwiro la tayala lililonse. Matope, utuchi wa chitsulo, kapena waya wodulidwa ndi chitsa m'misewu ya kumunda, zimachititsa kuti tayala limodzi lizioneka ngati laima. Getsi la ABS ndi la 4WD zikayakira limodzi, yambirani kumeneko.

Pa Subaru ya otomatiki ya magiya anayi, ambiri mwa ma Forester ndi ma Impreza akale ali ndi malo a fyuzi olembedwa FWD m'chipinda cha injini. Malowo amakhala opanda kanthu. Mukaikamo fyuzi, getsi la FWD limayaka ndipo galimoto imakoka ndi kutsogolo kokha. Bwerezani bwalo. Kukakamira kukatha, solenoid, kavavu kamagetsi kolamulira mbale, ikugwira ntchito, ndipo kusintha ATF kawiri kapena katatu motalikiranako nthawi zina kumathandiza. Kukapanda kutha, solenoid yotchedwa Duty C yafa kapena mbale zadya mipata m'chikombole chake. Zonse ziwiri zili kumchira kwa giyabokosi, ndipo mchirawo umamasuka giyabokosi ili pomwepo. Fyuziyo ndi yoyesera ndi yoyendera pa sipeya, musaisiyemo chaka.

Viscous coupling ya Subaru ya manyuwo ndi yomata, sitsegulidwa ndipo siwonjezeredwa mafuta. Ikatopa ndi kusintha basi. RAV4 ya 2005 mpaka 2012 ili ndi chizolowezi chake: beringi ya kutsogolo kwa coupling imayamba kulira gurrr pansi pa mpando wakumbuyo. Ambiri amasintha maberingi a matayala onse awiri phokoso lili pomwepo.

Maphokoso ena onamizira giyabokosi

Kunjenjemera kumene kwayamba mutangochoka m'matope, yambani mwatsuka m'kati mwa malimu. Dothi lofiira likauma mbali imodzi limagwedeza galimoto yonse pa 80. Kulira kwa huuu kumene kumasintha mukapendeketsa galimoto kumanzere ndi kumanja pamsewu wopanda anthu ndi beringi ya tayala. Kumene kumasintha mukaponda kapena kusiya moto, chiwongolero chili chowongoka, ndi difu kapena transfer. Kugwedera kumene kumabwera pokwera chitunda mutaponda moto, monga pokwera kuchokera ku Golomoti, n'kutha mukangosiya, ndi CV yam'kati. Kunjenjemera kwa pansi pa mipando ndi propushafuti: gwirani pafupi ndi beringi yapakati muikankhe m'mwamba ndi pansi, labala wake akang'ambika imagubuduka. Potozaninso pa mitanda yake, pasakhale kuseweraseweka kapena fumbi lofiira la dzimbiri. Gu mmodzi poika D kapena R nthawi zambiri ndi malabala ogwira difu yakumbuyo.

Pomasula propushafuti lembani zizindikiro pamene zitsulo zakumana, kuti ibwerere mmene inalili. Ikatembenuzika imayamba kunjenjemera kumene kunalibe.

Za kuchotseratu propushafuti

Awa ndi mankhwala otchuka kwambiri m'magalaja athu, ndipo ine sindigwirizana nawo. Galimoto ikukakamira, amakaniko amasula propushafuti, aiponya m'buti, kukakamira kwatha, mwini wake wasangalala. Matenda sanachoke, angobisidwa.

Pa X-Trail, CR-V ndi RAV4 yatsopanoko galimoto imayendadi ngati yokoka kutsogolo kokha. Monga njira yofikira kunyumba usiku, sindikana. Koma transfer imazungulirabe nthawi zonse ngakhale propushafuti kulibe. Ngati yodwala inali transfer, ipitiriza kudzidya mpaka tsiku lina idzagwira kapena kuswa chikombole, ndipo ikhoza kuwononga giyabokosi imene inali yabwino. Pa galimoto za difu yapakati, monga Subaru ya manyuwo ndi RAV4 yakale, ndi zoopsa kwambiri. Mphamvu imathawira kumene kulibe katundu, viscous coupling yokha ndi imene imatsala ikukoka galimoto yonse, ndipo sikhalitsa. Pa Subaru mutu wa propushafuti umachita kulowa mumchira wa giyabokosi, ndiye mukausolola oyilo amatayikira pomwepo.

Komanso tizifunsana: munawonjezera ndalama kugula ya 4WD chifukwa chiyani? Mumadya mafuta ambiri, mwanyamula difu ndi mashafuti olemera, koma tsiku limene mvula yakupezani mumsewu wa ku Tsangano muli chimodzimodzi ndi wa Vitz. Ndipo inu amene mukugula galimoto yoyendapo kale kuno kwathu, musakhulupirire chilembo cha 4WD chakumbuyo. Yalani katoni, gonani pansi, muone ndi maso anu ngati chitsulo chachitali chija chilipo. Ngati palibe, wogulitsa akudziwa chifukwa chake, ndipo mtengo utsike.

Mukafika pogula chitsulo china

Zatsopano n'zodula ndipo sizipezeka msanga, ndiye ambiri timapita kwa ogulitsa zophwasula ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Tengani nambala ya chasisi, osati dzina la galimoto lokha. Difu ziwiri zimatha kufanana kunja ndendende koma magiya am'kati osiyana. Pa Subaru, mwachitsanzo, ilipo ya 4.111 ndi ya 4.444. Mukasokoneza, kutsogolo ndi kumbuyo kumasiyana ndi 8 pa 100 alionse, kuposa matayala a bambo a ku Bembeke kawiri ndi theka, ndipo coupling imapsa musanafike pa Linthipe. Ngati n'kotheka nyamulani yakale yanu, muziike pamodzi, mulembe zizindikiro, muzungulitse ndi manja n'kuwerenga ngati zikufanana. Masulani bawuti yokhetsera muone maginito ake. Gwiranani pakamwa ndi wogulitsa, pamaso pa mboni, kuti ikalira mubweza.

Ndipo musaike coupling ina pa matayala omwe aja anapha yoyamba.

Ikafera panjira

Galimoto ya AWD sikokedwa matayala awiri ali m'mwamba awiri ali pansi. Mukatero coupling imapsa m'makilomita ochepa. Ya otomatiki kuikoka ndi chingwe mtunda wautali injini ili yozima kumawononga giyabokosi, chifukwa pampu ya oyilo imayenda ndi injini. Ikwezeni yonse pa lole. Zikakanika, apa ndiye pomasula propushafuti n'kuikoka matayala akutsogolo ali m'mwamba, mukafika n'kuibwezera.

Pagalaja, musalole munthu kukweza matayala awiri pa jeke n'kuika giya kuti amvetsere phokoso. Awiri ali pansiwo amakoka, galimoto imatsika pa jeke n'kunyamuka ndi amene ali kunsi. Akweze onse anayi pa zoimikira zachitsulo, osati pa njerwa.

Ntchito ikatha ine sindipereka kiyi ndisanayende nayo. Ndimapita mpaka pa mphambano ya ku Bembeke n'kubwerera, ndimazungulira mabwalo atatu uku atatu uko ili yotentha, kenako ndimalowa kunsi n'kuyandikitsa dzanja pa coupling ndi pa transfer. Kufunda n'kwabwino. Ikakhala yoti dontho la madzi likuchita tsss, choko chija ndimachitenganso.